Zoyanika mabatire padzuwa zija, tiyeni tikambirane

Ambirife timangoganiza kuti mu batire la tochi muli magetsi osungidwa, akatha basi latha. Ayi ndithu, m'katimo muli zinthu ziwiri zomwe zikulandana maelekitironi, tinthu tosaoneka ndi maso tomwe tikamayenda pa waya timati magetsi, ndipo chimodzi chikudyeka pang'onopang'ono nthawi yonse wailesi ikulira.

Nkhaniyi inayamba ndi chule, eti. Cha m'ma 1780 Luigi Galvani wa ku Bologna anaona mwendo wa chule wakufa ukugwedezeka akaukhudza ndi zitsulo ziwiri zosiyana, iye nkumati magetsiwo akuchokera m'thupi mwa chuleyo. Alessandro Volta anakanitsitsa, amvekere nkhani ili pa zitsulozo, chule wangothandiza ndi chinyezi chake basi. Mu 1800 anasanjikiza tizitsulo ta zinki ndi kopa, pakati pake nkumaika timakatoni tonyika m'madzi amchere, magetsi nkutuluka popanda chule aliyense.

Chomwe chimachitika nchakuti zinki sachedwa kutaya maelekitironi, atomu iliyonse imasiya awiri kenako imasungunukira m'madzimo, ndiye awiri aja alibe kolowera koma kudutsa pa waya kupita tsidya linalo komwe kuli chinthu chowafuna, ndipo ali panjirapo ndi pomwe babu limayaka. Mu selo ya John Daniell ya mu 1836, yomwe aphunzitsi a sayansi amakonda kujambula pa bolodi, owalandirawo ndi kopa wosungunuka m'madzi abuluu aja a copper sulphate, amasanduka chitsulo nkumamatira pa kopa mnzake, zinki akuonda kopa akunenepa, mavoti 1.1. Madzi a mbali ya zinki ndi a mbali ya kopa amalumikizidwa ndi kamlatho ka mchere, kachubu kodzaza madzi amchere, mukakachotsa zonse zimangoima nji, chifukwa mbali imodzi imadzadza chaji.

Tsono amene munasendapo batire lotha muli ana mukudziwa za m'kati mwake. Kachitini kotuwa kaja ndiye zinki, kandodo kakuda kapakati ndi kaboni, iko sikadyeka, ntchito yake nkungopereka njira, ndipo ufa wakuda wothimbirira m'manja uja ndi manganese dioxide, ndi umene umalandira maelekitironi. Zonse pamodzi mavoti 1.5, kaya batire ndi lalikulu kaya ndi kakang'ono ka rimoti, kukulako kumangopangitsa kuti likhalitse.

Nanga dzuwa likubwera pati? Silibweza kanthu aise. Kutentha kumangofulumizitsa makemikolo otsalawo, komanso batire likapumako zonyansa zomwe zinaunjikana pafupi ndi kandodo kaja zimamwazikana, ndiye madzulo wailesi imalirako mwina mpaka nkhani za 7 koloko zithe, kenako mawu aja ayambanso kunong'ona. Zomwe zinadyeka zinadyeka. Enanso amaliluma kapena kulimenya ndi mwala, izi ine sindigwirizana nazo olo pang'ono, mukungong'amba chitini chomwe chapyapyala kale. Batire la galimoto ndi nkhani ina, lili ndi maselo 6 a mtovu ndi asidi, iliyonse pafupifupi mavoti 2, ndipo ilo mukalikankhira magetsi chobwerera makemikolo amabwereradi mwakale, nchifukwa chake limatchajika.

La tochili likatha ingolichotsani msanga, chitini chikabooka phala la makemikolo la m'katimo limatayikira pa masipuling'i nkuwadya dzimbiri, mawa muzidzati tochi yafa pomwe yaphedwa ndi batire.