Mizere yofiira pa Chichewa changa

Tulo takana. Kunja chifunga chatsika kuchokera kuphiri la Dedza, ndipo ndafunda bulangete mpaka m'mapewa, koma chandikhazika pano si kuzizira ayi. Ndi mawu amene mwana wa mchemwali wanga wandiuza masana, ndipo mpaka pano akungozungulira m'mutu.

Mnyamatayu anabwera dzulo kuchokera ku Lilongwe komwe akuphunzira za makompyuta. Ndinamupempha kuti andionere laputopu, chifukwa ikumachedwa kwambiri, ndipo bandulo ya sabata yonse imanditha m'masiku atatu. Milungu iwiri tsopano ndakhala ndikulemba nkhani ya zojambula za pa miyala ku Chongoni, ndipo ndimafuna ituluke sabata ino.

Kunena zoona, wandithandiza kwambiri. Atatsegula Chrome, browser imene ndimalowera pa intaneti, anati, "Amalume, masamba onsewa mwawasiya otsegula ndi amene akulemetsa makinawa." Anandiikira ka extension, kachida kowonjezera pa browser, kotchedwa OneTab. Ukangokadina, masamba onse amasonkhana pa mndandanda umodzi, n'kudikira mpaka utawafunanso. Kenako anatsitsa browser ina yotchedwa Firefox, n'kuikamo uBlock Origin yotsekereza zotsatsa malonda. Ndinamufunsa chifukwa chosangoiika mu Chrome momwemo. Anati Google inasintha malamulo a ma extension, ndiye uBlock Origin yathunthu inasiya kugwira ntchito mu Chrome, kunatsala yopepuka yotchedwa Lite. Titatsegula tsamba lina la nkhani lomwe limandidyera bandulo ndi mavidiyo ongoyamba okha, linatseguka msanga, mawu okhaokha ndi zithunzi zofunikira. Pamenepo mtima unakhala pansi. Anandiuzanso kuti pa foni Chrome salola ma extension, koma Firefox ya pa Android imalola.

Ndinamudandaulira za Pocket, momwe ndinkasungamo nkhani zoti ndiwerenge netiweki ikathawa. Eni ake anaitseka mu July 2025. Iye anandiikira SingleFile, yomwe imasunga tsamba lonse kukhala fayilo imodzi mu laputopu momwemo. Kwa munthu amene ndimapita ku Mphunzi, komwe kuli zina mwa zojambula zija, n'kukhala tsiku lonse foni ikusakasaka netiweki, chimenechi n'chofunika kuposa zonse.

Pa zofalitsa nkhani anandionetsa Buffer. Umalemba uthenga, n'kusankha ola loti ukatuluke pa peji ya Facebook, ngakhale iwe uli kumunda kapena magetsi athima. Anawonjezera Bitly yofupikitsa linki, kuti ndikamaitumiza m'magulu a pa WhatsApp isamaoneke ngati chingwe chachitali, komanso ndizitha kuona kuti anthu aidina kangati. Anandichenjeza kuti ndisamangoika chilichonse chimene ndachiona, chifukwa ma extension ambiri amapempha chilolezo chowerenga zonse zimene ukuchita pa masamba onse. Anatchula ina yotchedwa The Great Suspender, imene anthu ambiri ankaikhulupirira, koma itasintha mwini inapezeka ndi zinthu zoipa mkati, Google n'kuichotsa mu 2021.

Zonsezi zinali bwino mpaka pamene tinatsegula nkhani yanga ija.

Mawu onse anali ndi mzere wofiira kunsi. Chinamwali, wofiira. Namkungwi, wofiira. Akafula, wofiira. Ndime yonse kuchita psuu. Ine ndagwira cholembera chofiira m'kalasi zaka zambiri, ndipo thupi langa limadziwa tanthauzo la mtundu umenewu mutu usanaganize n'komwe: apa walakwa. Mnyamatayo anati si kanthu, ndi browser chabe imene ikuyesa mawu anga pa Chingerezi. Anali atandiikiranso Grammarly yoti izindithandiza ndikamalemba makalata a Chingerezi, koma anati iyo kapena LanguageTool, palibe imene ingandikonzere Chichewa.

Ndiye anatembenuka, mwaulemu ndithu, n'kunena kuti, "Koma amalume, bwanji osangolemba m'Chingerezi? Zida zonsezi zimagwira bwino m'Chingerezi, ndipo anthu ambiri angakupezeni pa Google. Alendo obwera kudzaona miyala ija sawerenga Chichewa."

Ndinangoti, "Ndamva, mwanawe." Sindinapitirize. Mayi a kunyumba anali atabweretsa mbatata ya kachewere yophika ndi tiyi, nkhani n'kupita kwina, mitengo ya feteleza ndi za maliro a kumudzi.

Koma sizinandichoke. Iye sananame. Ndi zoona kuti ndikalemba m'Chingerezi nambala ija ya pa Bitly ingakwere. Chimene chikundiwawa n'chakuti za Chongoni zalembedwa kale zambiri m'Chingerezi. UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, malo 127 a zojambula, ndipo wofuna kuwerenga za iwo m'Chingerezi sasowa. Nanga mtsikana wa ku Mphunzi amene amatola nkhuni m'munsi mwa thanthwe lomwelo, akatsegula foni ya mchimwene wake, apeza chiyani m'chilankhulo chimene agogo ake amamulangira? Zojambula zofiira zija amati ndi za Akafula, anthu osaka nyama amene analipo kale. Zoyera zija, zopakidwa ndi chala, ndi za makolo athu Achewa, zina za chinamwali cha atsikana, zina za Nyau. Mayi wina wachikulire amene ndinacheza naye kumeneko anandifotokozera zimene akanatha kufotokoza kwa mwamuna, zina n'kundiuza mosabisa kuti izo si za ine. Mawu ake ndinawalemba momwe anawatulutsira. Ndikawasandutsa Chingerezi, namkungwi akhala ndani? Mphunzitsi? Si mphunzitsi. Ine ndi mphunzitsi, ndipo ndikudziwa kusiyana kwake.

Yankho labwino landibwerera usiku uno mwini funso atagona. Ndikanamuuza kuti Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014, ndipo nayo ili ndi extension yake. Mlendo amene akufunadi kumva, aiike iyeyo. Imaphonya, ndikudziwa, makamaka pa miyambi ndi mawu a miyambo, koma ife takhala tikuvutika kumva za kwathu m'chilankhulo cha eni kwa nthawi yaitali, ndipo sitinasiye kuwerenga.

Sindikumukwiyira mwanayu. Ndikakumbukira bwino, ndi ife tomwe aphunzitsi amene tinkalanga ana akalankhula Chichewa pabwalo la sukulu. Ine ndinachitapo zimenezo, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndikuwathandiza. Lero mwana amene anakula ndi lamulo limenelo wandibwezera mawu omwewo ndi mtima wofuna kundithandiza. Mwina n'chifukwa chake zandilowa chonchi.

Madzulo, asanapite kukaonera mpira, analowa mu Settings n'kuzimitsa choyesa kalembedwe chija. Mizere yonse inazimiririka, tsamba n'kuyera. Ndinayembekezera kuti ndisangalala, koma ayi. Tsopano palibe chondiuza ndikaphonya chilembo, ndipo ndimaphonya, makamaka ndikamalemba zala zitauma ndi kuzizira. Ndinamufunsa ngati browser ingaphunzire Chichewa. Anati mu Firefox mndandanda wa mawu a chilankhulo umabwera ngati extension, ndipo ambiri amakonzedwa ndi anthu ongodzipereka. Anati ntchito yake si yamasewera, chifukwa mneni wathu mmodzi amavala zambiri: ona, ndaona, ndinakawaonanso, sitidzaonananso. Analonjeza kuti akafika ku Lilongwe, komwe intaneti ya kusukulu salipira, akafufuza bwino. Nkhope yake inasintha pang'ono pamene ankawerenga mawu amenewo pa zala, ngati kuti akuwamva koyamba. Kapena ndi ine amene ndimafuna kuona choncho.

Wagona pabalaza, minibasi yake ndi ya m'mamawa. Buffer ndaitsegula, ikundifunsa tsiku ndi ola. Iye anati ndisankhe cha m'ma 7 madzulo, anthu atadya nsima n'kugwira mafoni. Nkhani ija ndaiwerenganso kawiri, ndapezamo zilembo zitatu zolakwika ndi maso angawa. Pali ndime ya chinamwali imene ndikufuna ndikawawerengere kaye mayi aja ndisanaitulutse, ndipo ku Mphunzi sindipita mpaka Loweruka.