Loweruka: mwana wa mlongo wanga akufuna kubwereketsa mphuno

Magetsi anathima m'bandakucha, ndiye mayeso a Biology a Folomu 3 ndinachongera pakhonde. Cha m'ma 10 koloko anatulukira mwana wa mlongo wanga, uja ali ku koleji. Tiyi asanamwe n'komwe, anayamba: "Amalume, amayi akuti ndimve kaye kwa inu."

Mnzake wamuuza za kafukufuku wa a Malawi-Liverpool-Wellcome, bungwe lofufuza za umoyo, pafupi ndi chipatala cha Gulupu. Madokotala amadonthezera dala tizilombo ta pneumococcus m'mphuno mwa anthu abwinobwino, tomwe tija timayambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi, kuti aone ngati katemera akutiletsadi kukhazikika m'menemo. Mnyamatayu akufuna kukalembetsa.

Nditangoti tsinya, anandibaya ndi mkondo wanga womwe. "Si inu nomwe mumatamanda mzungu uja anamwa tizilombo?"

Ndimamutamandadi. Barry Marshall, dokotala wa ku Perth ku Australia, ankati zilonda za m'mimba zimayamba ndi tizilombo totchedwa Helicobacter pylori, anzake n'kumangoti ndi nkhawa ndi asidi. Mu 1984 anatenga tizilomboto n'kumwa. Patangopita masiku ochepa anayamba kusanza, m'kamwa fungo, ndipo atamuunika anapeza m'mimba motupa. Mu 2005 iye ndi Robin Warren analandira mphoto ya Nobel. Koma ndinamuuza mnyamatayo kuti nkhani ya Marshall ndi yopepuka. Mimba inali yake, zimene ankamwa ankazidziwa kuposa wina aliyense, ulemu nawo unabwerera kwa iye mwini.

Yomwe imandisowetsa tulo ndi ya ku Cuba mu 1900. Gulu la Walter Reed, dokotala wa ku America, linkafuna umboni woti nthenda yakupha ya yellow fever imafala ndi udzudzu. Mmodzi wa madokotalawo, Jesse Lazear, analumidwa ndi udzudzu n'kumwalira mu Sepitembala, ali ndi zaka 34. Zitatero Reed analemba chikalata m'Chingelezi ndi m'Chisipanishi, chonena poyera kuti munthu akhoza kufa, ndipo ofuna ankasaina. Ena mwa osainawo anali anthu ongofika kumene kuchokera ku Spain kudzafuna ntchito. Ankalandira madola 100, ndipo akadwaladi ankawawonjezera ena 100. Reed sananamize munthu. Koma munthu wosauka amene akudziwa kuti matendawo akhoza kumugwira ngakhale mumsewu, kwaulere, ukamuonetsa madola 200, "inde" wakeyo wanena ndani, iyeyo kapena umphawi? Chaka chotsatira namwino wina, Clara Maass, anadzipereka kulumidwa pa kafukufuku winanso ku Havana, nayenso n'kupita.

Za kafukufuku wa ku Tuskegee ku America sindinachulukitse, anaziwerengapo: kuyambira 1932 mpaka 1972 amuna akuda a chindoko ankangowayang'ana osawapatsa mankhwala, ngakhale penisilini atapezeka. Za ku Kano ku Nigeria ndiye sankazidziwa, kumene mu 1996 a Pfizer anayesa mankhwala a Trovan pa mliri wa matenda oumitsa khosi. Kafukufukuyo anali wa ana 200, ndipo 11 anamwalira. Makolo ena anakanena kukhoti kuti sanauzidwe kuti ndi zoyesa.

Nsima itapsa tinasiya kaye. Tikusamba m'manja ndinamufunsa: "Pakanapanda kandalama ka mayendedwe ndi nthawi yako, ukanapita?" Anaseka n'kuyang'ana kumbali. "Amalume, fizi ya teremu ino mukuidziwa."

Sindinamukalipire. Ndiponso kafukufukuyu sindikumutsutsa ayi. Ana athu akhala akubayidwa katemera wa chibayo kuyambira 2011, koma ofufuza anapeza kuti muno mu Blantyre tizilomboti tikupezekabe m'mphuno mwa ana ambiri kuposa mmene zinakhalira ku Ulaya. Yankho la zimenezo silingachoke m'mphuno za anthu a ku Liverpool. Tizilomboti mankhwala ake alipo, si yellow fever ya mu 1900, ndipo masiku ano kuli makomiti ngati COMREC oona kafukufuku asanayambe. Chimene ndikukana n'choti fizi imusainire. Ndamuuza akatenge chikalata chosainira cha kafukufukuyu adzawerengere kunyumba kuno, akafunse kuti akadwala usiku aimbire ndani, ndipo akamve ndi makutu ake kuti akhoza kusiyira panjira popanda womuda.

Madzulo mlongo wanga anaimba foni, moni wachidule. "Achimwene, mwamuloleza kuti akamupope magazi?" Mphekesera za anamapopa za mu 2017 zija sizinamuchoke, ndipo kwathu anthu ena anaphedwa nazo, choncho sindinaseke. Ndinamufotokozera mpaka mayunitsi ake anatha, ine n'kumuimbiranso. Iye wakanitsitsa. Mwanayo ndi wamkulu, lamulo silifuna saini ya mayi wake kapena yanga, koma wati Lolemba ndikaweruka ndimuperekeze kukafunsa. Mapepala a Folomu 3 atsala theka osachonga.