Sikelo ya m'wodi ya ana

Usiku umene tinathamangira ku chipatala chachikulu cha Zomba ndi mwana wa mlongo wanga atakomoka ndi malungo, namwino anayamba ndi kumulandira m'manja mwa mayi ake n'kumugoneka pa sikelo. Kunena zoona ndinapsa mtima poganiza kuti akutaya nthawi, koma iwo anangoyankha mofatsa kuti, "Bambo, sindingatunge mankhwala ndisanadziwe kulemera kwake." Sikelo inaonetsa makilogalamu 12, ndipo nambalayo anailemba pamwamba penipeni pa fayilo.

Jakisoni amene anamubaya anali wa artesunate. Mankhwalawa analowa m'malo mwa kwinini potsatira kafukufuku wa AQUAMAT wa mu 2010, amene anakhudza ana 5,425 odwala malungo aakulu m'mayiko 9 a mu Africa, n'kupeza kuti pa ana 100 alionse olandira kwinini ankamwalira pafupifupi 11, pamene pa olandira artesunate ankamwalira osakwana 9. Mlingo wake panthawiyo unali mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu iliyonse, kwa mwana ndi wamkulu yemwe. Koma ofufuza atayeza magazi a ana odwalawo, anapeza kuti mwa ana ang'onoang'ono mankhwalawa sankafika pa kuchuluka kumene amafika mwa ana okulirapo, choncho mu 2015 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wosakwana makilogalamu 20 azilandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu. Kwa mwana wathu uja, zimenezi zinatanthauza mamiligalamu 36 m'malo mwa 28.8.

Izi zinandidabwitsa kwambiri, chifukwa ine ndinakula ndikuona akuluakulu akubenthula piritsi ndi chala n'kupatsa mwana theka, ngati kuti kuchepetsa kokhako ndiko kumuteteza. Chonsecho mlingo wochepa umasiya tizilombo tili moyo. Mbali inayo nayonso ndi yoopsa: gentamicin, amene amabayidwa kwa ana a matenda oopsa a m'magazi, akachuluka amawononga impso ndi makutu, ndipo mwa mwana wodwalitsitsa amene impso zake zafooka kale, mankhwalawa amachedwa kutuluka m'thupi. Pamenepo n'kuona kuti kuyerekeza kulemera kwa mwana ndi maso, kapena kungofunsa zaka zake, n'kosakwanira, makamaka kuno kumene ana ambiri ndi opepuka kusiyana ndi zaka zawo.

Mwanayo analandira jakisoni katatu: polowa, patatha maola 12, ndiponso patatha maola 24. Atatsitsimuka n'kuyamba kumeza phala, anamusinthira ku LA, ndipo namwino wina, asanawerenge mapiritsi, anayang'ananso nambala ija pa fayilo n'kuuza mlongo wanga kuti azimumwetsa limodzi m'mawa ndi limodzi madzulo kwa masiku atatu.