Mabodi 11 sanadzuke Lachitatu

Lachitatu m'mawa ndisanamwe ndi tiyi yemwe ndinatsegula kompyuta n'kupeza mabodi athu 11, timakompyuta tating'ono toyendetsa mapampu, ali zii. Awa ndi aja a chipu cha Allwinner H3 amene tinamangirira pa mapampu a madzi a sola ku Salima ndi ku Chikwawa. Poyamba ndinati mwina ndi netiweki. Koma onse anasiya kulankhula nthawi imodzi, itangodutsa 2 koloko usiku, nthawi imene unattended-upgrades, pulogalamu imene imaika yokha mapulogalamu atsopano, imamaliza ntchito n'kuyatsanso makina. Pamenepo mtima unandigunda.

Nditayang'ana mu repo, nkhokwe imene mabodi amatengako mapulogalamu, ndinaona chimene ndinkachiopa. Pambali pa U-Boot yathu yokhazikika, 2024.07 (U-Boot ndi bootloader, pulogalamu yodzutsa bodi ikayatsidwa), panali phakeji ya 2024.10~rc3 (rc ndi yoyesera, yeniyeni isanatuluke), imene ndinaimanga ndekha sabata yathayo kuti ndiyesere pa desiki. Pulogalamu yoika maphakeji, apt, imawerengera chonchi: kachizindikiro ka ~ kamaika rc pansi pa 2024.10 yeniyeni, koma kamaisiyabe pamwamba pa 2024.07. Bodi iliyonse inangoona nambala yaikulu n'kutenga. Ndipo postinst yathu, malamulo amene amayenda phakeji ikangoikidwa, sinkafunsa munthu, inkangolemba ndi lamulo la dd pa 8 KiB ya eMMC, chipu chosungira mapulogalamu pa bodi, basi.

Mu phakeji yoyeserayo ndinakweza CONFIG_DRAM_CLK, liwiro la memori, kuchoka pa 624 kufika pa 672, kuti ndione ngati ingapirire. Mu ofesi muno muli fani, ndipo inayenda bwinobwino. Koma m'bokosi lachitsulo, m'kutentha kwa ku Chikwawa ndi ku Salima mu September 2024, memori inabalalika.

Amene anakopera phakejiyo mu repo ndi mnyamata wathu watsopano, ndipo sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono. Abwana anamuimbira Lachiwiri madzulo ine nditapita kumaliro, n'kumuuza kuti kasitomala akudandaula, aike "yatsopanoyo" msanga. Mwanayo akanatani? Foda ya maphakeji onse inali imodzi. Chiyambire chaka chino ndakhala ndikupempha kuti tikhale ndi ma repo awiri, ya stable payokha, ya testing payokha, iliyonse ndi kiyi yake yosainira. Ndinapemphanso mabodi atatu okha oti azikhala panja m'bokosi lenileni, phakeji iliyonse iyambe yagona mmenemo masabata awiri. Yankho lake nthawi zonse n'lakuti forex kulibe, tidikire. Kampani yonse ili ndi chingwe chimodzi cha USB kupita ku UART, choonera zimene bodi ikulemba podzuka, ndipo ndi changa, ndinagula ndekha.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti U-Boot imatulutsidwa pafupifupi miyezi itatu iliyonse, ndipo ma rc amakhalapo dala kuti anthu apeze zolakwika zisanafike kwa ogwiritsa ntchito. Ife tinapereka zoyesera kwa amayi oima pa mpopi.

Mwayi wathu ndi wakuti boot ROM ya Allwinner, kapulogalamu kosafufutika ka mu chipu, imayang'ana SD khadi isanafike ku eMMC. Choncho bodi siinafe, imangofuna munthu apite ndi khadi ya bootloader yabwino. Koma kupitako! Dalaivala anakhala pa mzere wa mafuta mpaka masana. Tinafika ku Salima dzuwa likupendeka. Nditalumikiza chingwe pa liwiro la 115200, SPL, gawo loyamba la U-Boot, inalemba bwino kukula kwa memori (DRAM), U-Boot n'kuyamba kukweza kernel ya Linux, kenako zinyalala pa sikirini, kenako chete. Ndinalowetsa khadi, ndinalembanso 2024.07, ndinaika apt-mark hold kuti apt isaisinthenso, n'kupita pa pampu ina. Malo amodzi kabowo ka SD kanali ndi dzimbiri, ndiye ndinachita kudzera pa FEL, njira ya Allwinner yofikira bodi pa USB, ndi pulogalamu ya sunxi-fel, laputopu ili pabondo, ana atandizungulira.

Gogo wina anandifunsa kuti, "Bambo, madziwa abwera lero?" Pampu pamenepo imadikira bodi kuti iyambe, ndiye kuyambira m'mawa anthu ankatunga pa chitsime chakale chosaphimba. Ndinayankha kuti, "Abwera, agogo, tangodikirani pang'ono." Atayamba kutuluka anandigwira dzanja ndi manja awiri. Ndinachita manyazi kulandira zikomo wake.

Ku Chikwawa tinafika Lachinayi usiku, tinamaliza Lachisanu masana.

Zina za sabatayi n'zamasiku onse. Lolemba ndinakonza device tree (fayilo youza Linux zida zimene zili pa bodi) ya modemu yatsopano, magetsi anathima kawiri ndili mkati momanga, ndinayankha maimelo. Palibe chonena.

Loweruka ndinalowa mu ofesi ndekha popanda kupempha chilolezo. Ndagawa repo pawiri pa seva yomweyo, mabodi a kumidzi ndawapina pa stable yokha, ndipo ndachotsa dd mu postinst. Tsopano phakeji imangosiya fayilo, kulemba pa eMMC kumafuna munthu alamule yekha. Lolemba ndikapereka kwa abwana risiti ya mafuta ndi malo ogona pamodzi ndi mtengo wa mabodi atatu aja, papepala limodzi, aziwerengere okha.