Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Wotchi ya pa Chala

Monga ndinanenera m'gawo lapitalo, wotchi zopukusa ndinazikonda chifukwa cha agogo, amene anabwera nayo imodzi kuchokera ku migodi ya ku Joni. Koma ya pa chala ndinadzaiona nditayamba ntchito ku Mzuzu, ndikukhala ku Chiputula.

Inali m'mbale ya mayi wina wa kaunjika mumsika waukulu, pamodzi ndi ndolo ndi mabatani. Mphete yooneka ngati golide, yokhala ndi kachivundikiro, nkhope yake yosaposa chikhadabo. "Ilibe polowa batire, achimwene, ingotengani ngati mphete," anatero mayiwo.

Ndinapita nayo kwa mkulu wina wokonza wotchi pakhonde la sitolo m'tauni. Anavala kagalasi kokuzira padiso limodzi, n'kutsegula kumbuyo ndi kampeni. M'katimo munalembedwa "Swiss" ndi "17 jewels". "Jewels" zo, anandiuza, ndi timiyala tofiira ta m'katimo; si tokongoletsa ayi, ndi mmene mumazungulira nsonga za timagudumu kuti zisadyeke. Atapukusa pang'ono, kagudumu ka sipuling'i yopyapyala kuposa tsitsi kanagwedezeka uku ndi uku, kenako zii. "Mafuta anauma, mwana wanga. Siinafe iyi." Anaimasula yonse, kuitsuka, n'kumadonthezera mafuta ndi nsonga ya singano. Mtima unandigunda nditaimva ikulira pakhutu.

Wotchi zambiri za pa chala zimene ndatolera kuyambira pamenepo ndi za m'ma 1950 ndi 1960, kampani ya ku Japan ya Seiko isanatulutse wotchi ya pamkono ya quartz, yoyendera batire, mu 1969, batire n'kulanda msika. Kunena zoona, wotchi ya pa chala imaona mavuto kuposa ya pamkono. Chala ndicho chimalowa m'madzi posamba m'manja, chimawomba m'manja kutchalitchi, chimafinyidwa popatsana moni. Onjezerani chinyezi cha kuno, mvula yosatha ndi nkhungu ya mu Juni; dzimbiri likagwira sipuling'i ija, basi. Zanga ndimasunga m'chitini, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi ta m'mabokosi a nsapato, ndipo ndimazipukusa m'mawa, kusiya pamene yayamba kulimba.

Chimene chinkandidetsa nkhawa ndi maso a mkulu uja, amene ankanka nafooka, pamene anyamata a m'makonde ena ankangodziwa kusintha batire ndi lamba. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Bambo, mungandiphunzitseko ntchitoyi?"

Anayang'ana manja anga kwa nthawi. "Tambasulani zala. Mubwere Loweruka, musanamwe tiyi, tione ngati sizinjenjemera."