Utenanti unathetsedwa, koma malipiro a pamwezi achokera kuti?

Mu 2021 aphungu anasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti m'minda ya fodya, ndondomeko yomwe banja limalima fodya pamunda wa mwini esiteti n'kumugulitsa kwa mwini mundayo. Moto wina unachokera kunja: mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kugwira fodya wa ku Malawi pamadoko ake, ponena kuti polima pamalowa ana ndi anthu okakamizidwa.

Utenanti unakula ndi ndondomeko za boma lenilenilo. Ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni, itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu 1974 n'kupha Amalawi 74 ochokera kumigodi, Kamuzu analetsa za ku Joni, nthawi yomwe maesiteti a fodya ankafuna manja ambiri. Mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale mpaka cha m'ma 1990, choncho mabanja osowa malo ku Thyolo ndi Mulanje ankakwera malole kukakhala matenanti ku Kasungu, Mchinji ndi Rumphi.

Chomwe lamulo silinakhudze ndi kalendala ya fodya. Nazale amafesa cha mu Seputembala, kuwokera ndi mvula yoyamba, kuthyola ndi kuyanika m'chigafa kuyambira Januwale, ndipo okushoni ku Kanengo kapena Chinkhoma imatsegulidwa cha mu Epulo. Miyezi yonseyo mwini munda sanaone ndalama. N'chifukwa chake ankapereka phoso, feteleza ndi mankhwala pangongole, n'kudzadula pogula fodya kwa tenanti. Apa ndiye pankafera tenanti: wolemba ngongole m'buku, woika giredi, woyeza pasikelo ndi wotchula mtengo anali munthu mmodzi. Ndipo poti mgwirizano unali ndi bambo yekha, mayi ndi ana ankasoka fodya osawerengedwa.

Kuti tenanti asanduke wolandira pamwezi, ngongole ya mlimi, kaya ya kubanki kaya ya kampani yomwe wachita nayo kontirakiti, iyenera kukhala ndi gawo la malipiro a miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, osati mbewu ndi feteleza zokha. Ndalamayo izipita kwa wantchito mwini wake kudzera pafoni, kuti pakhale umboni. Aliyense wamkulu wogwira m'mundamo alembedwe payekha, mayi yemwe.

Oyendera ntchito nawonso azifika mu Febuluwale ndi Malichi, pomwe ana amajomba kusukulu chifukwa chosoka fodya, osati fodya atapita kale kumsika. Popanda mafuta a njinga yamoto pa ofesi ya zantchito ya paboma, mwini esiteti angosintha dzina, tenanti azitchedwa waganyu, buku la ngongole likhale lomwe lija.