Sefa ya ku Dwangwa

Amalume anga ali ndi mashopu atatu: pa Kamuzu Road muno mu Salima, pa boma la Nkhotakota, ndi ku Dwangwa. Makasitomala awo aakulu ndi malo ogona alendo a ku Senga Bay, amene amaoda katundu pa intaneti. Pa kompyuta anaikapo ine, poti m'banja mwathu ndine amene ndinapondako ku koleji, ngakhale ndinabwerako msanga.

Pulogalamu yathu imaona katundu wa m'mashopu onse atatu, ndipo oda ikalowa imasankha yokha kumene katundu achokere. Khalidwe lake loipa linali kuphwanya oda. Munthu akafuna shuga, sopo ndi mafuta ophikira, shuga ankanyamuka ku Dwangwa, sopo ku Nkhotakota, mafuta pa Kamuzu Road. Makatoni atatu, makondakitala atatu a minibasi, aliyense kufuna yake pa Airtel Money, ndipo mmodzi mwa iwo foni yozima mpaka dzuwa kulowa.

"Mphwanga," anatero amalume, "oda imodzi, ulendo umodzi. Zimenezinso zofunika digiri?"

Ndinatsegula pamene pamakhala malamulo osankhira shopu. Amakhala mondondozana, ndipo la pamwamba limagonjetsa onse a pansi pake. Lilipo loti tenga ku shopu yapafupi ndi kasitomala, lina loti tenga kumene katundu wachuluka, ndi lina loti usaphwanye oda, funa shopu imene ili ndi zonse. Lomalizali ndinalikokera pamwamba penipeni. Panalinso kabokosi kofunsa malire a mtunda. Ndinakasiya kopanda kanthu, chifukwa za mtunda amalume sanatchulepo.

Poyamba zinayenda bwino moti anandigulira kanyenya, iwo amene ngakhale ya kabaza amaitsitsa mpaka wopalasa kulira.

Kenako kunalowa oda yonenepa ya ku Senga Bay: matumba 30 a mpunga wa Kilombero, zigubu za mafuta, mabelo a shuga, ndi sefa imodzi yosefera ufa. Ine ndinaona kuti kompyuta yalemba kuti ulendo ndi umodzi, ndinadina kuvomereza, nkupita kukadya.

Mawa lake masana amalume anali pakhonde, atatsamira mulu wa mpunga wofika kudenga. Tinangomva hutala. Lole inachepetsa liwiro kutsogolo kwa shopu, adalaivala nkutulutsa mutu.

"Wawa bwana! Katundu wanu uyu, wa ku Senga Bay! Tanyamuka ku Dwangwa kusanache!"

Amalume anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana mpunga wa pa lole, nkucheukira mpunga wa kumbuyo kwawo. Matumba a pa lolewo anali ndi chizindikiro cha penti yofiira chimene anapaka okha ndi dzanja lawo powatumiza ku Dwangwa mwezi wathawo. Mpunga unapita kukaona minda ya nzimbe, tsopano ukubwerera kwawo, makilomita oposa 150, pa lole ya hayala. Chikhalirecho kuchokera pakhomo pathu kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20 basi.

"Iwe, tabwera kuno."

Ndinapita nditanyamula laputopu ngati chishango. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti shopu ya Salima inali ndi zonse kupatula sefa, pamene ya Dwangwa inali ndi zonse ndi sefa yomwe. Oda imodzi, ulendo umodzi, monga ananenera iwo eni.

Sanayankhe. Anangokweza chala nkuloza msomali umene unali pamwamba pa chitseko. Panapachikika masefa awiri atsopano, mitengo yake ikulendewera.

Apa mpamene ndinakumbukira lamulo lina lakale, loti pa katundu aliyense kompyuta izisiya ziwiri za anthu ogula pa kauntala. Masefa analipo awiri ndendende, ndiye kwa iyo Salima inalibe sefa ndi imodzi yomwe. Lamulo limenelo analamula ndi amalume omwewo chaka chatha, koma nkhope yawo inandiuza kuti tsikulo silinali lokumbutsana mbiri.

Adalaivala anali akudikirabe, injini ikulira. "Bwana, ya dizilo ija munditumizire panopa, pobwerera ndilibe katundu."

Usiku womwewo ndinadzaza kabokosi ka mtunda, ndi kulola kuti oda iziphwanyidwa ngati chosowacho ndi chaching'ono chokwana m'chikwama cha kondakitala. Anyamata a kabaza a pa siteji anali atamva kale, ndipo mpaka lero ndikamadutsa amakuwa kuti, "aSefa, tikunyamuleni? Tidzera ku Dwangwa!"

Lachisanu kunabwera uthenga wochokera ku Senga Bay. Mpunga afika nawo bwino, zikomo, koma sefa ndi yaing'ono, akuibweza. Ndinalowetsa mu kompyuta, iyo nkundiuza modekha kuti katundu wobwezedwa amabwerera ku shopu imene anachokera. Ndinatseka laputopu, ndinapisa m'thumba, sefayo ndinaigula ndekha. Amayi akuti imasefa bwino.